Kodi Masamba Angati a Webusaiti Yanu Angaoneke pa Google?

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike)

WOULUTSA: Lero tikamba za mawebusaiti, makamaka kwa inu amalonda, eni sukulu, a mipingo ndi a mabungwe ang'onoang'ono amene munapisa m'thumba kuti akukonzereni webusaiti. Dandaulo lake n'lodziwika: webusaiti ili ndi masamba 10, koma munthu akasaka pa Google limangotuluka tsamba limodzi, mwinanso osatuluka n'limodzi lomwe. Ndili ndi mlendo wochokera ku Kanjedza, amene ntchito yake n'kukonzera anthu mawebusaiti. Takulandirani achimwene.

MLENDO: Zikomo amayi, ndathokoza. Moni kwa omvera onse.

WOULUTSA: Tisazungulire. Munthu akufuna kuti masamba ake onse aoneke. N'zotheka?

MLENDO: N'zotheka, koma osati mmene ambiri amaganizira. Ambiri amalota kuti munthu akalemba kuti "matenti a ukwati Blantyre", pa Google padzaze iwo okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi, anzawo a ku Ndirande ndi ku Chilomoni asaoneke n'komwe. Zimenezo iwalani. A Google eni ake analengeza mu June 2019 kuti pa zotsatira zapamwamba, kawirikawiri webusaiti imodzi izipatsidwa malo osapitirira awiri. Amaphwanya lamuloli pokhapokha akaona kuti wosakayo akufunadi zinthu za pa webusaiti imeneyo.

WOULUTSA: Ndiye kuti ndi lamulo latsopano?

MLENDO: Ndi lakale lobwerera. Zaka zoyambirira, malire anali awiri omwewo, ndipo tsamba lachiwiri linkaoneka pansi pa loyamba litalowa mkati pang'ono. Mu 2010 anamasula chingwe, webusaiti imodzi n'kumatha kutenga malo angapo. Anthu anayamba kudandaula chifukwa mawebusaiti akuluakulu ankadzaza paliponse, moti ukasaka malo odyera unkangoona kampani imodzi kasanu. Mu 2019 anakokanso chingwecho. Taganizirani woyang'anira msika wa Limbe. Atalola kuti wogulitsa tomato mmodzi atenge mabenchi onse a pakhomo, ogula adzayamba kulowera kwina chifukwa alibe poyerekezera mtengo. Google nayo imafuna kuti wosaka aone zosiyanasiyana, kuti mawa abwerenso. Ndipo lamuloli ife ang'onoang'ono limatikomera. Popanda lamuloli, mayi wa ku Chinyonga sakanapeza pokhala pakati pa makampani akuluakulu.

WOULUTSA: Nanga wina akagawa webusaiti yake, kutsogolo kwa adiresi n'kuika mawu ena, kuti zioneke ngati ndi mawebusaiti awiri?

MLENDO: Nzeru imeneyo anaiona kale. Pa chilengezo chomwecho ananena kuti timagawo totere, tomwe timatchedwa subdomain, kawirikawiri amatiwerengera pamodzi ndi webusaiti yaikuluyo. Mungotaya nthawi.

WOULUTSA: Koma ndikutsutseni pang'ono achimwene. Ine ndikalemba dzina la bungwe lalikulu, tinene la misonkho lija la MRA kapena kampani ya mafoni, pansi pa dzina lawo pamatuluka timitu tina tambiri. Kodi amenewo si masamba oposa awiri?

MLENDO: Mwaona bwino amayi. Timitu timeneto timatchedwa sitelinks, ndipo timatuluka makamaka munthu akasaka dzina lenileni la bungwe kapena bizinesi. Pamenepo Google imadziwa kuti munthuyu sakusankha pakati pa anthu ambiri, wadziwa kale kumene akupita, ndiye imamuonetsa njira zachidule zolowera mkati: apa mafomu, apa ntchito, apa manambala a foni. Koma mumvetse, timitu timeneti sitigulidwa, komanso palibe batani loti mudine kuti tituluke. Makina a Google ndi amene amasankha okha, poona mmene webusaiti yanu yasanjidwira ndi mitu imene mwapatsa masamba anu. Kale kunali njira yowauza kuti kamutu aka musakaonetse, koma nayonso anaichotsa mu 2016. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama akuikireni sitelinks, dziwani kuti akukudyerani masuku pamutu.

WOULUTSA: Ndiye kwatsala chiyani? Mwatitsekera uku, mwatitsekera uko.

MLENDO: Kwatsala chachikulu chenicheni. Malire a awiri aja ndi a funso limodzi. Koma anthu safunsa funso limodzi. Masamba anu 10 akhoza kuoneka onse, lililonse pa funso lakelake. Ntchito ndi imeneyo: tsamba lililonse likhale ndi funso limene likuyankha, ndipo liyankhe mokwanira kuposa a anzanu.

Ndipereke chitsanzo, chongoyerekezera. Tinene kuti kwathu ku Kanjedza kuli mayi amene amabwereketsa matenti ndi mipando. Ali ndi mapoto akuluakulu ndi mbale za pa ukwati, amaphikanso makeke. Mwana wa mchemwali wake wamukonzera webusaiti. Mukaitsegula, pamwamba palembedwa kuti "Welcome to our website", kenako zithunzi mbwee, tenti apa, keke apo, mkwatibwi akumwetulira, mpaka pansi penipeni pomwe pali nambala ya foni. Zonse zili pa tsamba limodzi lalitali. Mayiyu ndiye akudandaula kuti Google ikungoonetsa tsamba limodzi. Ionetsenso lina liti, poti lilipo ndi lomwelo?

WOULUTSA: (akuseka) Amenewo ndawaonapo ambiri.

MLENDO: Tsopano taonani anthu amene akumufuna mayiyu. Woyamba ndi msungichuma wa komiti ya ukwati. Wakhala pa msonkhano Lamlungu masana, anzake akumufunsa bajeti, iye walemba pa foni kuti "tent hire Blantyre prices". Akufuna kudziwa kuti tenti imodzi imakwana anthu angati, mtengo wake ndi wotani, depoziti ndi ndalama zingati, galimoto yonyamulira ndi ya ndani, ndipo mpando ukathyoka pa perekaniperekani alipire ndani. Wachiwiri ndi bambo amene waferedwa usiku ku Chiwembe. Iyeyo alibe nazo ntchito zithunzi za mabaluni ndi maluwa. Akufuna kudziwa ngati mumayankha foni usiku, ngati tenti ingafike m'mawa anthu asanachuluke pa siwa, ndiponso ngati mumalola kuti ikhale masiku awiri kapena atatu podikira abale ochokera ku Joni. Wachitatu ndi mtsikana amene akufuna keke ya tsiku lobadwa la mwana wake, ndipo funso lake ndi loti aode kutatsala masiku angati.

Anthu atatu, mafunso atatu. Onsewa mukawaponya pa tsamba limodzi, Google imasowa kuti tsambali ndi la chiyani kwenikweni. La maliro? La makeke? Ndiye imatenga tsamba la munthu wina amene walemba za chinthu chimodzi momveka bwino. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mayiyu agawe. Tsamba la matenti a ukwati ndi chinkhoswe palokha. La maliro palokha, nambala ya foni ili pamwamba penipeni, mawu ake ofatsa. La makeke palokha. La mapoto ndi mbale palokha. La mmene mungawapezere palokha, lofotokoza monga timalondolerana kuno: mukatsika minibasi pa siteji yakuti, mulowere chakumanzere, geti lobiriwira. Akatero ali ndi masamba asanu, ndipo lililonse lili ndi anthu ake omwe angalipeze.

WOULUTSA: Mwatchula mtengo. Amalonda athu ambiri safuna kuulula mtengo poyera. Ukafunsa amangoti "inbox".

MLENDO: Chizolowezi chimenecho ine chimandiwawa amayi. Ndikumvetsa, mitengo ikusintha pafupipafupi, ndipo ena amaopa kuti mnzawo awatsitsira. Koma munthu amene walemba mawu oti "prices" wanena kale chimene akufuna. Tsamba lopanda mtengo silinamuyankhe. Ngati mukuopa, lembani kuti mtengo umayambira pakuti, muike ndi mwezi umene mwalemba, ukasintha mukonze. Bola zimenezo kusiyana ndi kukhala duu.

Chinanso chofanana nacho ndi ichi. Ambiri amakonzetsa chithunzi chokongola cha malonda, chija amaika pa WhatsApp, chokhala ndi mitengo, manambala ndi zonse, n'kuchipachika pa webusaiti basi. Kwa munthu chikuwerengeka. Koma Google siwerengera mawu a m'chithunzi ngati mmene imachitira ndi mawu olembedwa patsamba. Njira yodziwira ndi yosavuta: yesani kugwira mawuwo ndi chala pa foni ngati mukufuna kuwakopera. Ngati chikusuntha ndi chithunzi chonse, ndiye kuti tsamba lanu lilibe mawu. Chithunzicho chisiyeni, koma zomwe zili mmenemo muzilembenso pansi pake.

WOULUTSA: Alembe m'chinenero chanji? Chichewa kapena Chingerezi?

MLENDO: Alembe mmene makasitomala ake amalankhulira. Ife a mu Blantyre timasakaniza. Yemweyo amene amati "tent hire" ndi amene amatinso "chinkhoswe", chifukwa chinkhoswe ndi chinkhoswe basi. Google imafananitsa mawu a wosaka ndi mawu a patsamba, choncho ngati mawu oti chinkhoswe palibe pa webusaiti yanu, musadabwe kuti ofuna za chinkhoswe sakukupezani. Ndipo pa Chichewa pali mpata waukulu, chifukwa olemba m'Chichewa pa intaneti ndi ochepa poyerekeza ndi olemba m'Chingerezi. Tsamba lolembedwa bwino m'Chichewa lili ndi opikisana nalo ochepa. Ndingochenjeza chinthu chimodzi. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, ndipo imathandiza, koma musangoponyamo tsamba lonse n'kumata zotulukazo osawerenga. Kasitomala amazindikira msanga Chichewa chimene sichinatuluke m'kamwa mwa munthu.

Ndipo musaiwale kulemba dziko. Zikumveka zoseketsa, koma Limbe aliponso ku Cameroon, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere yomwe kumapita alendo ambiri. Blantyre aliponso ku Scotland, kumene anabadwira David Livingstone. Munthu ali ku Johannesburg akufuna kukonzera makolo ake mwambo kuno kumudzi, akalemba "Limbe" akhoza kulandira za ku Cameroon. Ndiye pa tsamba lililonse pazipezeka adiresi yathunthu: Kanjedza, Limbe, Blantyre, Malawi. Ngakhale dzina loti Kanjedza palokha silikwanira. Wina akalilemba akufuna mbiri ya msasa umene atsamunda anatsekerako anthu mu 1959, wina akufuna za sukulu yophunzitsa apolisi, wina akufuna nyumba ya lendi. Dzina la dera liziyenda limodzi ndi chimene mukugulitsa.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mmene masamba ambiri a webusaiti imodzi angaonekere pa Google. Achimwene, wina akumvera pano ndipo wapeza nzeru. Akuti, poti tsamba lililonse lili ndi funso lake, ine ndipanga tsamba la "matenti Ndirande", la "matenti Bangwe", la "matenti Machinjiri", la "matenti Zingwangwa", mpaka madera onse a mu mzinda athe.

MLENDO: Ameneyo ndimulandire ndi manja awiri, kenako ndimukhazike pansi. Ngati masamba onsewo ali ndi mawu omwewo, chosintha n'dzina la dera lokha, a Google ali ndi dzina lake la zimenezo, amati doorway pages, ndipo zili pa mndandanda wa zinthu zimene amaziona ngati chinyengo. Mu 2015 analengeza kuti akhwimitsa pa nkhani yomweyi. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti Google ikapeza masamba ofanana imasankhapo limodzi, enawo n'kuwasiya kunja. Zikavuta, webusaiti yonse imatsika. Tsamba la dera lina limakhala ndi phindu pokhapokha ngati kuli zoti munene zosiyana. Mwachitsanzo muli ndi nthambi ku Zomba, yokhala ndi adiresi yake, munthu wake woyankha foni, mitengo yake ya thiransipoti. Pamenepo lembani. Koma ngati mumangonyamula katundu kuchokera ku Kanjedza kupita madera onsewa, tsamba limodzi lotchula madera amene mumafikako ndi ndalama ya galimoto pa dera lililonse ndi lokwanira, ndipo ndi limene kasitomala angalikonde.

Palinso vuto lina limene limabwera mosadziwa. Munthu walemba tsamba la makeke a ukwati chaka chatha, chaka chino walembanso lina lonena zomwezo, lakale osalichotsa. Masamba ake awiri ayamba kulimbirana funso limodzi. Lero Google yaonetsa ili, mawa ilo, mwinanso lakale lija la mitengo yachikale. Mankhwala ake ndi kuwaphatikiza, likhale limodzi lamphamvu, ndipo wokonza webusaiti akonze zoti wofika pa adiresi yakale azitumizidwa ku yatsopano.

WOULUTSA: Tibwerere kwa uja amene akuti sakutuluka n'komwe. Masamba alipo, ndi osiyana bwinobwino, koma zii.

MLENDO: Apo tiyambe taona ngati Google ikuwadziwa n'komwe masambawo. Anthu ambiri amaganiza kuti ukasaka, Google imathamanga pa intaneti yonse nthawi yomweyo. Ayi. Ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot, imene usana ndi usiku imayenda kuchoka pa tsamba ili kupita pa lina potsata malinki, n'kumasunga zimene yapeza. Inu mukasaka, imayang'ana m'zimene inasunga kalezo. Tsamba limene Googlebot sinafikepo, kwa Google kulibe.

Omvera amene ali ndi foni pafupi ayese izi. Pamalo osakira lembani mawu a Chingerezi oti site, s-i-t-e, kenako timadontho tiwiri, kamodzi pamwamba pa kanzake, kenako adiresi ya webusaiti, osasiya mpata pakati. Yambani ndi ya nyuzipepala, monga mwnation.com kapena times.mw, muona masamba ambirimbiri. Kenako ikani yanu. Sikuti imaonetsa ndendende zonse zimene Google yasunga, koma mukaona tsamba limodzi lokha pomwe inu muli nawo 10, kapena osaona kanthu, mwadziwa kuti vuto lili poyambira penipeni.

WOULUTSA: Chimachititsa n'chiyani?

MLENDO: Choyamba kuyang'ana n'chochititsa manyazi, koma chimachitika. Mawebusaiti ambiri kuno amakonzedwa ndi WordPress, ndipo mmenemo muli kabokosi kamene wokonza amachonga pamene ntchito ili mkati, kouza makina osakira kuti asaonetse webusaitiyo. Ntchito ikatha, ndalama walandira, kabokosi kaja waiwala kuchotsa. Mwini wake akhoza kutha chaka akudabwa. Kali pa Settings, pa gawo la Reading. Mufunseni wokukonzeraniyo akuonetseni ndi maso anu.

Chachiwiri ndi masamba amasiye. Tsamba lilipo, koma palibe tsamba lina lililonse limene lili ndi linki yopita kumeneko. Mwini wake amalipeza chifukwa adiresi ali nayo pamtima, koma Googlebot ilibe polowera. Tsamba lililonse lofunika lizipezeka kuchokera pa tsamba loyamba mwa kudina kamodzi kapena kawiri. Ndipo masamba azilozerana. Pa tsamba la matenti a ukwati pakhale linki yopita ku makeke a ukwati, poti wofuna tenti keke akuifunanso. Mawu a pa linkiyo anene chimene chili kutsogoloko. Musalembe kuti "dinani apa". Lembani kuti "onani makeke a ukwati ndi mitengo yake".

Chachitatu ndi mitu. Tsamba lililonse lili ndi mutu umene umaoneka pa Google ndi zilembo zikuluzikulu zija munthu amadina. Ndimapeza mawebusaiti amene masamba onse mutu wake ndi umodzi, dzina la bizinesi basi, kapena mawu oti "Home". Pamenepo ngakhale sitelinks tinakamba zija zituluka bwanji? Mutu unene chinthu ndi malo: "Matenti ndi mipando ya pamaliro, Kanjedza, Limbe". Lina: "Makeke a ukwati ndi a tsiku lobadwa, Blantyre". Munthu asanadine adziwe kale chimene akachipeze.

WOULUTSA: Ndimamva anyamata akutchula sitemap. N'chiyani chimenecho, ndipo n'chodula?

MLENDO: N'chaulere. Ndi kafayilo kokhala ndi mndandanda wa maadiresi a masamba anu onse, kuti Googlebot isavutike kuwafufuza. Google inayambitsa zimenezi mu 2005, ndipo mu 2006 Yahoo ndi Microsoft anagwirizana nazo. Fayilo imodzi imatha kunyamula maadiresi mpaka 50,000, ndiye mukuona kuti anakonzera anthu a masamba ochuluka zedi, monga nyuzipepala. A Google amanena okha kuti webusaiti yaing'ono, ya masamba osapitirira 500, yolumikizana bwino mkati, mwina sifunikira n'komwe sitemap. WordPress kuyambira 2020 imapanga yokha. Choncho kukhala nayo n'kwabwino, koma isakhale chifukwa chokulipiritsani ndalama zambiri. Komanso sitemap ndi pempho chabe. Google ikaona kuti tsambalo lili ndi mizere iwiri yokha yopanda kanthu, ikhoza kulidziwa koma osalisunga.

Chimene ndimaumiriza aliyense ndi Search Console. Nayo ndi ya Google, yaulere, kale inkatchedwa Webmaster Tools mpaka 2015. Mukatsimikizira kuti webusaiti ndi yanu, imakuuzani masamba amene asungidwa, amene sanasungidwe ndi chifukwa chake. Muli malo oti muike adiresi ya tsamba latsopano n'kupempha kuti Googlebot ibwere. Mukapempha mudikire, zimatenga masiku angapo mpaka milungu ingapo. Kupempha kakhumi sikufulumizitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

WOULUTSA: Ambiri mwa omvera athu intaneti amaionera pa foni, ndi bandulo yowerengera.

MLENDO: Google nayonso masiku ano imayang'ana webusaiti yanu monga ikuonekera pa foni, osati pa kompyuta. Ntchito yosinthira ku njira imeneyi anailengeza mu 2016 ndipo anati yatha mu 2023. Tanthauzo lake n'lakuti ngati wokonza anabisa masamba ena kapena mawu ena pa foni kuti zioneke zaudongo, zobisikazo zikhoza kusawerengedwa. Za zithunzi ndiye musanene. Chithunzi chochokera mu kamera ya wojambula pa ukwati chimakhala cholemera kwambiri. Mukaika 30 zotere pa tsamba limodzi, munthu wa bandulo ya TNM kapena Airtel ya tsiku limodzi atseka tsambalo lisanatseguke n'komwe. Zichepetseni musanaziike. Yesani webusaiti yanu pa foni yotchipa, muli panja, netiweki ili yapakatikati. Musayesere mu ofesi ya wokonzayo mmene muli intaneti yothamanga.

WOULUTSA: Pali amene alibe webusaiti, ali ndi tsamba la Facebook lokha. Kodi zonsezi zikuwakhudza?

MLENDO: Pang'ono. Pa Facebook ndinu alendi, simungasanje masamba mmene tafotokozeramu, ndipo zambiri zimene mumaika zimakwiririka pakapita masiku. Za pa WhatsApp ndiye Google siziona n'komwe. Koma pali pamene Facebook imathandiza, ndipo apa ndi pamene uja wofuna kudzaza pa Google angapeze kachitonthozo. Malire a awiri aja ndi a webusaiti imodzi. Tsamba lanu la Facebook lili pa webusaiti ina, kanema wanu wa pa YouTube ali pa ina, nkhani imene nyuzipepala inalemba za inu ili pa inanso. Munthu akasaka dzina la bizinesi yanu, zonsezi zikhoza kutuluka pamodzi. Kuwonjezera apo pali Google Business Profile, yaulerenso, imene imakuikani pa mapu pamodzi ndi nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira. Kwa wamalonda wa m'dera ngati mayi wathu uja, imeneyi nthawi zina imabweretsa mafoni ambiri kuposa webusaiti yeniyeniyo. Chofunika n'chakuti dzina, adiresi ndi nambala zikhale zofanana paliponse. Osati apa mwalemba dzina lina, apo mwafupikitsa, uko nambala ndi ya foni imene inabedwa chaka chatha.

WOULUTSA: Nanga adiresi yothera ndi mw imathandiza kuposa yothera ndi com?

MLENDO: Imauza Google ndi anthu omwe kuti webusaitiyi ndi ya ku Malawi, ndipo ngati makasitomala anu ali konkuno zimenezo n'zabwino. Maadiresi a mw amayang'aniridwa ndi a Malawi SDNP, konkuno ku Blantyre. Koma siichulukitsa masamba anu pa Google. Chimene ndingapemphe omvera pa nkhani ya adiresi n'china: kaya ndi mw kaya ndi com, ilembetsedwe m'dzina lanu, osati la mnyamata wokukonzeraniyo. Search Console nayo ikhale pa imelo yanu. Ndikunena izi ine wokonza mawebusaiti. Anthu timasamuka, timakangana, ena amapita ku Joni osatsanzika. Adiresi ikatha nthawi yake popanda woilipirira, masamba onse amene munavutikira aja amazimiririka pa Google, ndipo munthu wina akhoza kuigula.

WOULUTSA: Ena amatumiza mauthenga olonjeza kuti akuikani nambala wani pa Google m'sabata imodzi.

MLENDO: A Google amachenjeza okha kuti palibe amene angalonjeze malo oyamba. Malo ogulidwa alipo, ndi aja amalembedwa kuti "Sponsored", ndipo amatha tsiku limene mwasiya kulipira. Enawo sagulitsidwa. Wina adzakuuzani kuti akuikirani mawu obisika mkati mwa tsamba otchedwa keywords. Google inanena mu 2009 kuti malo amenewo siwagwiritsa ntchito posanja zotsatira. Wina adzati akugulirani malinki 1,000 ochokera kunja. Amenewo ndi amene angakugwetseni, poti kugula malinki n'koletsedwa pa malamulo awo. Linki yothandiza ndi yochokera kwa anthu enieni amene mumagwira nawo ntchito: holo imene mumakamangako matenti, wojambula zithunzi amene mumakumana naye pa maukwati, mpingo umene munauthandiza pa msonkhano wawo. Apempheni akutchuleni pa mawebusaiti awo, inunso muwatchule pamene pakuyenera.

WOULUTSA: Mayi uja wagawa masamba ake asanu, wakonza mitu, zonse zasungidwa. Tsamba lachisanu ndi chimodzi adziwa bwanji loti alembe?

MLENDO: Asalote, makasitomala amuuza. Mu Search Console muli gawo loonetsa mawu enieni amene anthu analemba pamene tsamba lake linaoneka, ndi kuti ndi angati anadina. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu akatsegule. Mwina apeza kuti anthu akulemba za matenti a pa mwambo wa chiliza, ndipo Google ikuwapatsa tsamba lake la maliro chifukwa ndi lokhalo loyandikira, koma sakudina. Pamenepo wadziwa kuti pakufunika tsamba la ziliza, poti mwambo umenewo umakonzedwa nthawi ikadalipo, pamakhala chakudya, pamafunika mapoto ndi mbale, zosiyana ndi za pa siwa. Njira ina ndi foni yake yomwe. Funso limene anthu atatu amufunsa pa WhatsApp mwezi uno, monga lakuti kodi tenti yanu imapirira mvula ya mu January, ndi funso limene ena ambiri akulemba pa Google osamufunsa iye. Alembe yankho lake bwinobwino, aike chithunzi cha tenti yake itamangidwa tsiku la mvula, alumikize ndi tsamba la maukwati.

WOULUTSA: Nthawi yatithera.



(Nyimbo yotsekera)